Ayezi Sadziwa Chibale

1983, Chipangali

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene azakhali anu a Najere anakhalira chaka chathunthu osaponda pakhomo pathu titabwerako ku Tanzania. Atate anu mukawafunsa amangoseka, ndiye ndiyankha ine. Koma tiyambire pa njinga yanga ya ku Chipangali, chifukwa nkhani yonse inachokera pa njingayo.

Ndinafika ku Chipangali nditangomaliza kosi ya unamwino, nditakwera pamwamba pa lole ya thonje, sutikesi ili pamiyendo. Yunifolomu imene ndinasita usiku wake inafika itafiira ndi fumbi. Kachipatala kake kanali kakang'ono, ndipo abwana anga anali a Sisita Zulu, mayi wamfupi wa mawu ngati belu la sukulu. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nati, "Njinga umatha?" Ndinati ndimatha. "Chabwino, chifukwa kuno namwino wosatha njinga ndi wodwala ngati ena onsewa."

Ntchito yanga inali sikelo ya m'midzi. Katemera ankakhala m'fuliji ya palafini, ndipo palafiniyo ankasowa moti a Sisita ankamusunga m'chipinda chawo chogona ngati mafuta odzola. M'mawa tinkaika katemera m'bokosi la ayezi, kumanga pa kaliyala, kupalasa kupita kumudzi, kuyeza ana, kuwabaya, madzulo n'kubwerera kudzagona pachipatala. Mawa lake mudzi wina. Tsiku loyamba a Sisita anapita nane kuti andionetse njira. Tisanapite patali, mayi wina anatuluka m'munda akukuwa, "A Sisita, tapatukani, chimanga chili pamoto!" Iwo anangokweza dzanja, "Pobwera!" n'kupitirira. Kutsogolo nkhalamba ina inatiimika kuti tione mwendo wake. "Pobwera!" Kenaka tinadutsa pakhomo pa azakhali awo enieni, atakhala pamphasa, atatiika kale maso. Ine ndinayamba kugwira mabuleki, pakuti kwathu mkulu sadutsidwa uli panjinga. A Sisita osacheuka n'komwe, "Pobwera, atate aakazi!" Manyazi anandigwira ine ngati kuti azakhaliwo ndi anga.

Titafika kumudzi wakutali kwambiri, anatsegula bokosi n'kundigwiritsa ayezi. Anali atayamba kale kutsetsereka m'manja. "Waona? Uyu sadziwa chibale. Sadziwa mfumu, sadziwa azakhali. Uyambe ndi mudzi wakutali ayezi akadali wolimba. Moni, chimanga, miyendo ya agogo, zonsezo zimadikira. Uzichita pobwera." Ndipo pobwera tinapatukadi paliponse, tinadya chimangacho chitazizira, tinamanga mwendo uja. Chisanathe chaka anthu a kumeneko anali atandipatsa dzina. Ana akandiona ankathamangira njinga akuimba, "A Pobwera! A Pobwera!" Ena ankati ndine wonyada. Ndinkawasiya anene.

Kumudzi wakutali uja sikelo tinkachitira m'kalasi ya sukulu. Pakhoma panali mapu aakulu a Afirika ojambula pamanja, mitsinje yamakala, mapiri a dothi lofiira, ndipo nyanja anaipaka buluu wochapira zovala chifukwa penti kunalibe. Mwini mapuwo anali mphunzitsi wamtali, wowonda, wa tayi ngakhale m'chilimwe. Nthawi zonse ankapeza chifukwa cholowera ife tili pa ntchito, mwina waiwala choko, mwina dasitala. Tsiku lina analoza pa buluu paja ndi rula nati, "A nesi, iyi ndi nyanja ya mchere. Mukandilola, ndidzakutengerani kumeneko." Ndinati, "Inu munafikako?" Anati, "Iyayi, koma njira ndikuidziwa." Ndinaseka mpaka mwana amene ndinali kumuyeza anayamba kulira. Amenewo ndiwo atate anu, a Jere.

1986 mpaka 2016

Boma linatiyendetsa ngati nkhuku ya pamsika. Lundazi, Katete, Petauke, kenaka Chipata. Sukulu iliyonse imene atate anu anafikako, sabata yoyamba ankapempha khoma, n'kutuma ana kukagula buluu kugolosale. Ana a eni ambirimbiri anaphunzira nyanja ya mchere kwa munthu amene madzi aakulu amene anawaonapo anali a Luangwa, ali pawindo la basi.

Zaka zimenezo zinali za kusowa. Tinkawiritsa majekeseni ndi magolovesi mpaka kuchita kumata, tinkalembera odwala mankhwala pa mapepala ong'amba m'makope anu akale. Shuga ndi saladi zinali za pamzere. Ku Katete ndinali ndi bwana wina amene ukapempha tchuthi ankakuyang'ana ngati wapempha impso yake. Chaka chilichonse pa Khirisimasi ndinkawakumbutsa atate anu, "Aphunzitsi, nyanja ija yaphwa kapena?" Iwo ankati, "Dalitso ayambe wamaliza sukulu." Dalitso atamaliza, "Tiyamike ayambe wakwatiwa." Tiyamike atakwatiwa, denga linayamba kudontha. Zengerezu analinda kwawukwawu, ana anga, ndipo ife tinali azengerezu awiri m'nyumba imodzi.

2017, Chipata

Nditapuma pa ntchito ndinaganiza kuti tsopano ndizigona mpaka dzuwa litalowa m'nyumba. Sizinatero. Matenda a shuga amene atate anu anakhala nawo zaka zambiri anali atalowa m'maso. Diso lakumanzere linazima mwakachetechete, iwo osanena, mpaka ndinawaona akuthira tiyi pambali pa kapu. Tinapita ku Lusaka, adokotala anawotcha diso lakumanja ndi makina awo, kenaka anandiitanira pambali poti ndine mnzawo wa ntchito. "Mayi, inu sindingakubiseni. Ili latsalali litha kukhala zaka, litha kukhala miyezi. Ngati pali chimene akufuna kuona, musachedwe."

M'basi yobwerera ndinawauza kuti, "A Jere, tikupita ku nyanja." Anati, "Ndi chiyani?" Ndinati, "Ndi penshoni yanga. Inu munalonjeza, mwalephera, tsopano ndikutengani ndine. Njira paja mumaidziwa." Tinawoloka Luangwa. Pa Nyimba anagula nthochi, anandisendera imodzi, n'kunena kuti, "Ngati tikupita, tipite pa sitima. Ndege imabisa dziko."

Abale inu, chisangalalo chimene chinalowa m'nyumba mwathu! Munthu amene anali atayamba kukhala phee pakhonde anasanduka mnyamata. Anachotsa kalendala pabalaza n'kujambula Tanzania pakhoma ndi choko, khoma limene ndinali nditangopakitsa laimu. Ndinafuna kukalipa, koma nditaona mmene dzanja lawo linkayendera losanjenjemera, ndinameza mawu. Tiyamike ankabwera Loweruka lililonse ndi foni yake kutionetsa zithunzi, atate ake ataika mphuno pagalasi penipeni. Anafuna zonse. Ku Mbeya kuli mwala wachitsulo umene unagwa kuchokera kumwamba, tikauone. Kuli nyanja yaing'ono pamwamba pa phiri, tikaione. Bagamoyo, Morogoro, Arusha, phiri lija la chipale pamutu, Zanzibar, Tanga. Ndinati, "Atate ake Dalitso, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Miyendo yathu si ya ana a sukulu. Mukufuna tikafere m'mabasi?"

Ndiye ndinaukonza ulendowo monga ndinkakonzera sikelo. Malo ogona akhale ochepa, ndipo pamalo alionse tizichoka m'mawa n'kubwerera madzulo pabedi lomwelo, opanda kunyamula masutikesi tsiku ndi tsiku. Tinagwirizana mizinda itatu. Choyamba Mbeya, poti sitima imadutsa pomwepo: tsiku lina ku mwala uja, tsiku lina kuphiri. Kenaka Dar es Salaam: tsiku lina ku Bagamoyo kukaona nyumba zakale, tsiku lina ku msika wa nsomba. Pomaliza Zanzibar pa boti: tsiku lina ku minda ya zokometsera zakudya, tsiku lina ku kachilumba ka akamba aakulu. Pakati pa maulendo awiri alionse ndinaikapo tsiku lopuma, lochapa ndi kuyeza shuga. Atate anu anati, "Uwu si ulendo, ndi wodi ya chipatala." Ndinati, "Ndiye mukachira."

Tiyamike anafufuza n'kupeza kuti m'sitima amuna amagona kwaokha, akazi kwaokha, pokhapokha banja litatenga chipinda chonse. Ndinati titenga chonse. Munthu wa diso limodzi, wobaya jekeseni m'mawa ndi madzulo, ndimusiye ndi anthu osawadziwa? Atate anu anauza madoda anzawo kutchalitchi kuti mkazi wawo wagula chipinda chonse chifukwa cha nsanje. Anayambanso kuphunzira Chiswahili, n'kumayesera pa ine. Ndikawapatsa madzi, "Asante sana." Ndikawakalipira, "Pole pole, mama," ati pang'onopang'ono, mayi. Tsiku limene mapasipoti anatuluka anavala suti kukawatenga, ndipo pobwera anaonetsa aliyense, ngakhale wotipalasa pa njinga.

2018, kutsanzika

Kwathu kuno munthu sanyamuka ngati mbala. Umayenda khomo ndi khomo kutsanzika, ndipo amene wamutsanzika sakusiya upite chimanjamanja, amakutuma. Ife tinaiwala kuti anthu a Chipata ali ndi abale paliponse pamene pali msewu. Sabata isanathe, chipinda cha alendo chinadzaza. Mayi wa chigwirizano anabweretsa thumba la nshawa la mwana wake wa ku Tunduma. Wina mpunga wa ku Chama. Wina anafuna tikamugulire zitenje, wina sipeyala ya galimoto, atatijambulira papepala ngati nkhono. Mkulu wa mpingo anabwera ndi nkhuku yamoyo. Ndinati, "Abusa aang'ono, nkhukuyi ili ndi pasipoti?" Tinaidya Lamulungu.

Zambiri ndinazikana mwa nthabwala, zina ndinalandira. Koma panali katundu mmodzi amene sakanakanidwa. Azakhali anu a Najere ndiwo analera atate anu agogo anu atamwalira. Anasiya sukulu iwo, n'kumagulitsa nshawa zokazinga pa siteji kuti mlongo wawo aphunzire. Mwana wawo wotsiriza, Mabvuto, anapita ndi malole zaka zambiri zapitazo ndipo anangoti zii, foni ayi, uthenga ayi. Dalaivala wina anawauza kuti anamuona ku Mbeya, akugwira ntchito pa galaja pafupi ndi siteji ya mabasi. Titapita ku Nabvutika, komboni imene azakhali anuwo amakhala, kukatsanzika, anatulutsa kathumba ka nshawa zosenda okha, kosokedwa pakamwa ndi ulusi wakuda. Anagwada, mayi wamkulu ngati uja, kugwadira ine. "Alamu, mwati muyambira ku Mbeya. Mulungu ndiye wakonza. Mukandipezere mwanayo. Anthu a malole sakhalitsa pamalo amodzi, mukachedwa mukapeza wapita. Mukangomuuza kuti amake akadali moyo." Ndinawadzutsa ndikulira, ndipo ndinalonjeza ndi pakamwa pangapa kuti tikatsika pa Mbeya ndipo tsiku loyamba lidzakhala la Mabvuto.

Kutatsala sabata imodzi, m'mawa tikumwa tiyi, atate anu anayamba kupukuta magalasi. Anapukuta, kuvala, kuvula, kupukutanso. Kenaka anati, "Amake Dalitso, kodi m'nyumba muno muli akangaude? Ndikuona ulusi wakuda ukuyandama." Kapu inandizizirira m'manja. Zaka zonse zija m'chipatala, ndinkadziwa tanthauzo lake: kamtsempha kayamba kudontha magazi mkati mwa diso. Ndinaimbira adokotala aja. Anati tidzere pomwepo ku Lusaka popita ku Kapiri Mposhi kokakwera sitima, koma anandiuziratu kuti chochita china palibe kufikira magaziwo atakhazikika, ndipo akhoza kukhazikika kapena kuwonjezeka tsiku lililonse. Ndinafunsa ngati ulendo ungaononge. Anati kukhala pakhonde sikungaliteteze.

Ndinaima pabalaza kuyang'ana Tanzania wa choko uja. Sitima yopita ku Dar sidutsa tsiku lililonse. Kutsika pa Mbeya kunatanthauza kudikira ina, masiku angapo, mwina sabata ikachedwa monga imachitira. Ndipo ndinamva mawu a a Sisita Zulu, amene anagona kale, ngati ali kumbuyo kwanga. Ndinatenga choko n'kuyamba kufunsa malo alionse funso limodzi: kodi awa afuna maso? Mwala wachitsulo munthu angaugwire ndi manja. Zokometsera zakudya ndi za mphuno. Akamba angawasisite. Mabvuto angamumve mawu, angamukumbatire. Koma nyanja, kukula kwake ndi mtundu wake, imeneyo ilibe pogwira. Ndinafufuta ndi chigongono muvi wa choko umene unkaloza pa Mbeya, n'kuulemba wolunjika mpaka kugombe.

Atate anu anakana. "Tinalonjeza kwa a sisi. Chibale ndi fupa, sichiola. Ine popanda iwo bwenzi ndili woweta ng'ombe. Nyanja ndakhala osaiona zaka zonsezi, ndafa?" Ndinati, "Simunafe, koma munanamiza mtsikana wa eni pa sikelo, ndipo mtsikanayo ndine. Ku Mbeya tikatsika pobwera." Anati, "Nanga tikakapeza wapita?" Ndinati, "Mlandu udzakhala wanga. Inu mudzanene kuti mkazi wanga ndi wamakani, aliyense akudziwa." Anamenya tebulo, chinthu chimene sanachitepo, n'kutuluka kupita kumunda wa ndiwo. Ndinawasiya. Ndinavala chitenje n'kukwera njinga ya ku Nabvutika ndekha, chifukwa nkhani yotere siyenera kumveka kwa anthu ena.

Ndinawapeza alamu akupeta pakhomo. Ndinakhala pansi n'kufotokoza zonse, za ulusi wakuda, za adokotala, za sitima. Anamvetsera lichero lili pamiyendo. Nditamaliza anati, "Ndiye mukadutsa pa Mbeya osatsika." Ndinati, "Tikatsika pobwera, alamu." Anaseka kuseka kopanda mano. "Madzi. Mukusiya mwana wanga chifukwa cha madzi. Ku mtsinje wa Lutembwe kulibe madzi? Mutengeni mlongo wanga Yohaneyo akaone kumeneko." Ndinati, "Alamu, diso latsala limodzi, ndipo likutha." Anati, "Inenso mwana wamwamuna wanditsalira mmodzi, ndipo ine ndikutha. Maso ndi a Mulungu, alamu. Mabvuto ndi munthu." Sananame, ndipo mpaka lero ndimavomereza zimenezo. Ndinangoti, "Nshawa zija ndizinyamulabe." Anaimirira, nakung'untha lichero. "Ndinkamva kuti ku Chipangali ankakutchani Pobwera. Ndimayesa ndi nthabwala." Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Tsiku lonyamuka, pa siteji panadzaza anthu a mpingo akuimba, koma iwo sanabwere.

2018, pa njanji

Mkwiyo wa atate anu unatha sitima itangolira pa Kapiri. Ndani angakwiye ali pawindo lotere? Anakhala ngati mwana, kutchula mtsinje uliwonse tisanaufike, kukangana ndi woperekera zakudya za kutalika kwa milatho, kulonjera aliyense m'Chiswahili chawo cha pabalaza mpaka mayi wina wa ku Tanzania anawafunsa ngati akulankhula Chibemba. Ine ndinkaseka, koma m'mawa uliwonse ndinkaimika zala patsogolo pawo kuti awerenge, mtima uli m'mwamba. Ulusi uja unali kuchuluka.

Pa Mbeya sitima inaima nthawi yaitali. Kunja kunali kozizira, mapiri atazungulira, amayi akugulitsa nthochi ndi mbatata pamawindo. Atate anu anaimirira, natenga kathumba ka nshawa kaja pa shelefu, n'kukafungatira. Anayang'ana chitseko. Ine ndinakhala pa sutikesi, manja ndapinda. Akanatsika sindikanawagwira. Anaima choncho mpaka wenzulo inalira. Sitima itayamba kuyenda anatulutsa mutu pawindo n'kunena motsitsa, kuuza mzinda wonsewo, "Pobwera." Kenaka anakhala pansi.

Tinafika ku Dar m'mawa, sitima itachedwa monga mwa mwambo wake. Kutentha kwake ngati walowa m'khitchini ya chipatala. Mnyamata wa kanjinga kamoto ka mawilo atatu anafunsa dzina la nyumba yogona alendo. Ndinati, "Iyayi, ku nyanja." Sanamve. Atate anu anakonza tayi nati, "Bahari!" Liwu limeneli ndiye analiphunzira bwino. Tinapita choncho, osasamba, masutikesi pamiyendo ngati tsiku lija la lole ya thonje. Tinakhota pakati pa nyumba zazitali, fungo la nsomba linatipeza, kenaka nyumba zinangotha.

Mayo ine! Ana anga, zithunzi za m'foni n'zabodza. Madzi anayambira pa mapazi athu n'kukathera kumwamba, opanda tsidya. Ine ndinaiwala kuti ndabwera ndi wodwala, ndinangokuwa, "A Jere, taonani!" ngati kuti maso awo ndi abwinobwino. Iwo anatsika pang'onopang'ono, anayenda pa mchenga ndi nsapato za kutchalitchi, naima. Anaphimba diso lakufa lija ndi chikhatho, n'kutembenuza mutu uku ndi uku kufuna mpata pakati pa ulusi. Ndinafuna kufunsa koma ndinaopa yankho.

Kenaka anati, "Amake Dalitso, ndinanamiza ana a eni."

Ndinati, "Bwanji?"

"Si buluu wochapira ayi. Apa pafupi ndi yobiriwira ngati botolo. Apo pakati ndi ina. Uko kumapeto ndiye yakuda bii, ndipo pali kangalawa ka nsalu yoyera, kakupita kumanzere. Ukukaona?"

Ndinakaona. Kanali kutali ndithu, kakang'ono ngati njenjete, ndipo iwo ndiwo anayamba kukaona. Ndinakhala pansi pa mchenga n'kulira mokweza ngati pamaliro, anthu n'kumandiyang'ana. Atate anu analowa m'madzi ndi suti yomwe mpaka m'mawondo, anatunga ndi manja, analawa, nalavula. "Mchere weniweni! Apa pokha sindiname!" Funde linawagwetsa chagada, anadzuka akuseka, tayi ili paphewa. Tinakhala pamenepo mpaka njala inatichotsa.

Maulendo a tsiku aja tinawayenda monga ndinakonzera, m'mawa kupita, madzulo kubwerera. Ku Bagamoyo anaona zitseko zosema, ngakhale mwa chifunga. Pa boti ya ku Zanzibar anakana kukhala mkati, anaima panja njira yonse akuyang'ana madzi. Koma m'mawa wa tsiku la ku minda ya zokometsera, nditaimika zala, anati, "Dzanja ndikuliona, zala ayi." Tsiku limenelo anayenda atagwira phewa langa, akununkhiza makungwa ndi masamba, n'kumapambana alendo onse potchula maina. Akamba anawasisita, anati ali ngati mitondo yozondotsa. Sanadandaule ngakhale kamodzi.

Pobwera tinatsikadi pa Mbeya. Mwala wogwa kumwamba uja anauzungulira ndi manja, anaugogoda ndi mphete, anaikapo tsaya. Galaja tinaipeza mosavuta. Mwini wake anati, "Mabvuto wa ku Zambia? Mwamuphonya pang'ono. Wapita ku Congo ndi lole sabata yathayi, sitidziwa adzabwera liti." Ndinawerengera mumtima, ndipo atate anu anawerengeranso. Tsiku limene sitima inaima pa Mbeya paja, Mabvuto anali pansi pa galimoto, mtunda woyenda ndi miyendo kuchokera pa siteshoni. Anatilozera kanyumba kake, ndipo tinapezamo mkazi wake ndi kamwana kakakazi koyamba kuyenda, dzina lake Esinati, dzina la azakhali anu. Tinasiya nshawa zija ndi uthenga wakuti amake akadali moyo. Mwanayo tinamujambula.

Titafika ku Chipata ndinapita ku Nabvutika ndi chithunzicho. Alamu anachilandira ndi manja awiri, anachiyang'ana nthawi yaitali, nafunsa funso limodzi: "Mukanatsika popita, mukanamupeza?" Ndinati, "Tikanamupeza." Anagwedeza mutu n'kulowa m'nyumba. Mpando sanandipatse.

2019

Diso lija silinabwererenso. Anayesa opaleshoni ku Lusaka, koma pofika nyengo ya mvula atate anu sankasiyanitsanso usana ndi usiku. Tanzania wa choko ndinamusiya pakhoma, ngakhale mwini wake samuona, ndipo amene adzapake laimu pamenepo adzayambana ndi ine. Mabvuto uthenga unamupeza. Anayamba waimba foni, kenaka chaka chitatha anabwera ndi mkazi ndi mwana, monga mukudziwa. Koma akanapanda kubwera, kapena azakhali anu akanamwalira asanamuone, sindidziwa kuti nkhope yanga ndikanaiika kuti. Musaganize kuti ndinali wotsimikiza. Ndinasankha, basi.

Sabata imene Mabvuto anafika, masana ena ndili kuseri kuchapa, ndinamva "Odi" amene ndinali ndisanamumve chaka chonse. Ndinatuluka manja ali thovu. Alamu anali ataima pakhonde patsogolo pa mlongo wawo, atate anuwo atakhala pampando wawo, nkhope italoza kumsewu, osadziwa kuti pali munthu. Alamu anayendetsa dzanja patsogolo pa maso a atate anu. Palibe chinaphethira. Anayendetsanso. Ndiye anakhala pansi pa simenti, pafupi ndi mapazi a mlongo wawoyo, nawagwira bondo.

"Yohane."

"A sisi! Mwabwera?"

"Ndabwera. Madzi aja unawaona?"

"Ndinawaona, a sisi. Ndipo ndikuwaonabe. Ndicho chinthu chomaliza chimene ndinachiona bwinobwino, ndiye palibe china chabwera kudzachifufuta. Ndikadzuka chili pomwepo. Apa pafupi ndi pobiriwira ngati botolo, ndipo pali kangalawa kakupita kumanzere."

Alamu anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Kenaka, osandiyang'ana, anakweza mawu.

"A Pobwera, kodi m'nyumba muno mulibe tiyi?"